Mphika umodzi, matenda osiyana: chiwindi cha bambo ndi cha mayi

Mwezi wa June ukafika, mphepo ya ku Dedza sichita masewera. Chifunga chimatsika m'phiri n'kukuta tauni yonse, ndipo ku Bembeke anthu amayamba aothera kaye moto asadaganize zotuluka panja. Iyi ndi nyengo imene mtedza uli pabwalo, chimanga chikulowa m'nkhokwe, kandalama ka zokolola kali m'thumba, ndipo abambo ambiri amati mankhwala a chisanu ndi kachasu basi.

M'makomo ambiri m'bomali, lomwe pa kalembera wa 2018 lidapezeka ndi anthu oposa 830,000, bambo ndi mayi amadya nsima ya mumphika umodzi, ndiwo zotendera nsinjiro za mumtondo umodzi, n'kumwera madzi a pamjigo umodzi. Koma chiwindi chikayamba kuvuta, awiriwa kawirikawiri sadwala mofanana.

Bambo ndi amene amakonda kuwonda mwadzidzidzi, maso n'kuchita chikasu, mimba n'kutupa ngati woyembekezera. Pa dziko lonse, khansa ya chiwindi imagwira amuna kawiri kapena katatu kuposa amayi. Kafukufuku wa m'zipatala za m'maiko angapo a mu Africa, amene adatuluka mu 2017, adapeza kuti kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara odwala khansayi ambiri amakhala a zaka za m'ma 40, ndipo theka la iwo safika miyezi itatu kuchokera tsiku limene adokotala aipeza nthendayo.

Imfa yachangu chotere imadzetsa manong'onong'o. Kumudzi wachikamwini, bambo akatupa mimba mkazi wake ali bwinobwino, si zachilendo kumva akuchimuna akunena kuti mbale wawo adamudyetsa. Funso lawo limakhala lomveka ndithu: ngati ndi chakudya kapena matenda, bwanji mayiyo sakudwala? Yankho limene asayansi akhala akulisonkhanitsa kwa zaka zambiri silikhudza msing'anga kapena mfiti. Lili m'kati mwa chiwindi momwemo, m'mene chimakuwira chikavulala.

Alonda a m'chiwindi

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chimakhala kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Magazi onse ochokera m'matumbo amayamba adutsa kaye m'menemo asadapite kumtima. Choncho chilichonse chimene munthu wameza, kaya ndi nsima, mowa, Panado kapena mankhwala azitsamba, chimafikira pakhomo la chiwindi.

Pakhomo loterolo sipangasowe alonda. M'timisempha ta chiwindi muli maselo a chitetezo cha m'thupi otchedwa Kupffer, dzina la katswiri wa ku Germany, Karl Wilhelm von Kupffer, amene adawafotokoza mu 1876. Ntchito yawo ndi kumeza tizirombo ndi zinyalala, komanso kukuwa pakagwa zovuta.

Kukuwa kwake n'kofanana ndi mfuu ya kumudzi. Mbala ikalowa m'khola usiku, mwini ng'ombe amakuwa ndipo mudzi wonse umadzuka ndi zibonga. Maselo a chiwindi akafa chifukwa cha poizoni kapena kachirombo, alonda aja amatulutsa timadzi tonyamula uthenga. Kamodzi mwa timadziti kamatchedwa IL-6. Uthenga wake ndi wakuti asilikali abwere, ndipo maselo otsala agawikane kuti atseke pamene pagumuka.

Mfuu ya tsiku limodzi imapulumutsa ng'ombe. Koma anthu akamadzutsidwa usiku uliwonse kwa zaka 20, amapondereza dimba, kugwetsa mpanda ndi kumenya osalakwa. Ndi mmene zimakhalira m'chiwindi chimene chikuvulazidwa mosalekeza: chimadzaza zipsera n'kuuma, ndipo maselo amene akukakamizidwa kugawikana tsiku ndi tsiku amafika polakwitsa. Khansa imayambira pa kulakwitsa kumeneko.

Zimene mbewa zidaulula

Kwa munthu wa ku Dedza, mbewa ndi ndiwo, ndipo anyamata amazigulitsa zotunga pa kamtengo m'mbali mwa msewu wa M1. Kwa asayansi, mbewa zowetedwa m'malabotale ndi zimene zimayankha mafunso amene sangayesedwe pa munthu.

Mu 2007, gulu la Michael Karin pa University of California ku San Diego, m'dziko la America, lidasindikiza zimene lidapeza m'magazini ya Science. Iwo adapatsa mbewa zazimuna ndi zazikazi mankhwala oononga chiwindi otchedwa DEN. Pafupifupi mbewa zonse zazimuna zidadzachita khansa, pamene zazikazi zidali zochepa chabe.

Atayeza magazi, adapeza kuti alonda a m'chiwindi cha mbewa zazimuna amatulutsa IL-6 wochuluka kwambiri kuposa a zazikazi. Atagwiritsa ntchito mbewa zimene sizitha kupanga IL-6, kusiyana kuja kudatha: zazimuna zidasiya kudwala kuposa zazikazi. Atabaya mbewa zazimuna homoni yachikazi yotchedwa estrogen, mfuu ija idatsika ndipo chiwindi sichidavulale kwambiri. Mwachidule, estrogen amagwira alonda pakamwa kuti asakuwe mopyola muyeso.

Wina angafulumire kunena kuti basi, tingotseka IL-6 mwa amuna onse. Nkhani yake si yophweka choncho, chifukwa mfuu yomweyo ndi imene imachiritsa.

Chiwindi ndi chiwalo chodabwitsa poti chimaphukanso. Mu 1931, George Higgins ndi Reuben Anderson a ku Mayo Clinic adadula magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha makoswe, ndipo pasadathe masabata awiri chotsalacho chidali chitakula kufika pafupifupi pa msinkhu wake wakale. Koma mu 1996, gulu la Rebecca Taub ku University of Pennsylvania lidachita opaleshoni yomweyo pa mbewa zopanda IL-6. Chiwindi chawo chidalephera kuphuka bwino ndipo zambiri zidafa. Zitabayidwa IL-6 opaleshoni isadachitike, zidachira.

Tsono vuto si mfuuyo, koma kukula kwake ndi kutalika kwa nthawi imene ikumveka. Apo ndi pamene thupi la bambo ndi la mayi limasiyana.

Mbewa si munthu, ndipo asayansi eni ake amachenjeza zimenezi. Amuna amamwanso mowa ndi kusuta fodya kuposa amayi, zomwe zimasokoneza chiwerengero. Komabe mbewa za ku San Diego sizidalaweko kachasu, ndipo kusiyana kudaoneka ndithu.

Kachirombo ndi chuku

Kuno kwathu vuto lalikulu si DEN. Adani a chiwindi amene ali pafupi ndi ena, ndipo wamkulu ndi kachirombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda otupa chiwindi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidati mu 2022 anthu 254 miliyoni adali ndi kachiromboka m'thupi. Akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wa m'Malawi mu 2018, adapeza kuti pafupifupi akuluakulu 8 mwa 100 alionse amene adayezedwa adali nako.

Ambiri mu Africa amakatenga pobadwa kapena ali ana aang'ono, kudzera m'magazi ndi tizilonda, ndipo kamakhala phee kwa zaka 30 kapena 40 popanda chizindikiro. Kamafalanso pogonana komanso pobwerekana malezala ndi masingano. Ichi n'chifukwa chake bambo amatha kudwala mkazi wake ali bwino: nthendayo adabwera nayo kuchokera kwawo ali mwana, ndipo munthu amene wakumana ndi kachiromboka atakula kale nthawi zambiri thupi lake limakagonjetsa lokha.

Kachiromboka kamakondera amuna. Baruch Blumberg, amene adakatulukira m'zaka za m'ma 1960 n'kulandira mphotho ya Nobel mu 1976, adaona kale kuti amuna ndi amene amakonda kukhala nako moyo wonse. Pambuyo pake akatswiri a ku Taiwan adaonetsa kuti mahomoni achimuna amakathandiza kuswana m'maselo a chiwindi, pamene estrogen amakabweza m'mbuyo.

Mdani wachiwiri ali m'nkhokwe. Chuku china chomera pa mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene adadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa.

Chukuchi chimakonda malo otentha, kotero mapiri ozizira a Dedza ali ndi kamwayi poyerekeza ndi kumunsi kwa chitunda, ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Koma mwayiwo ndi wochepa. Chifunga chimachedwetsa mbewu kuuma, chimanga chogula pamsika m'miyezi ya njala sichidziwika kumene chachokera, ndipo pali chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, chomwe chimaitana chuku. Choipa kwambiri ndi ichi: mtedza wabwino umapita kwa wogula, ndipo wonyala, wobowoka ndi wakuda umene wakanidwa ndi umene umasinjidwa kukhala nsinjiro za pakhomo.

Adani awiriwa akakumana m'chiwindi chimodzi amathandizana. Kafukufuku amene adatsatira amuna pafupifupi 18,000 mumzinda wa Shanghai ku China, n'kutuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, adapeza kuti munthu amene ali ndi hepatitis B komanso aflatoxin m'thupi ali pa chiopsezo cha khansa ya chiwindi pafupifupi ka 60 kuposa amene alibe zonse ziwiri.

Anansi athu a ku Mozambique, amene malire awo ali pafupi ndi tauni ya Dedza, amaidziwa bwino nkhaniyi. Madokotala a m'migodi ya ku Joni, kumene agogo athu ambiri adapita pa Wenela, adaona kalekale kuti anyamata ochokera kum'mwera kwa Mozambique amafa ndi khansa ya chiwindi kuposa anzawo. Kafukufuku wa m'chigawo cha Inhambane amene adasindikizidwa mu 1985 adaonetsa kuti madera amene chakudya chake chidali ndi aflatoxin wambiri ndi amenenso adali ndi khansa yambiri.

Ku Kenya mu 2004, chimanga chachuku chidadwalitsa anthu 317 ndipo 125 adamwalira. Ofufuza adadabwa kupeza kuti amuna ankafa kwambiri kuposa amayi ngakhale ankadya chimanga chofanana.

Kumene amayi amagonja

Mayi akamva zonsezi asaombe m'manja msanga. Chitetezo chake cha m'thupi chili ndi mphamvu pa zina, koma mphamvu yomweyo imamutembenukira pa zina.

Tiyambe ndi mowa. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi WHO mu 2009 adapeza kuti amuna pafupifupi 3 mwa 10 alionse ankamwa mowa, pamene amayi sankakwana mmodzi mwa 20. N'chifukwa chake odwala chiwindi chouma ndi mowa ambiri ndi amuna. Koma bambo ndi mayi akamamwa botolo lofanana, chiwindi cha mayi ndi chimene chimagonja msanga.

Zifukwa zake n'zingapo. Thupi la mayi lili ndi madzi ochepa osungunulira mowa. Kafukufuku wa mu 1990, amene adatuluka mu New England Journal of Medicine, adapezanso kuti m'mimba mwa mayi mowa sugayika kwambiri usadalowe m'magazi. Chachitatu chimabwereranso kwa alonda aja. Mowa umafooketsa khoma la matumbo, ndipo poizoni wa mabakiteriya a m'matumbo amadontha n'kupita kuchiwindi. Gulu la Ronald Thurman ku University of North Carolina lidaonetsa pa makoswe m'zaka za m'ma 1990 kuti estrogen amachititsa maselo a Kupffer kumva poizoni ameneyu mwachangu n'kukuwa kwambiri.

Homoni yomweyo imene idatontholetsa alonda pa nkhani ya khansa ndi imene ikuwadzutsa pa nkhani ya mowa. Izi zikukhudza amayi amene amatcheza kachasu m'midzi ya Dedza kuti apeze fizi ya ana, poti wotcheza amalawa botolo lililonse kuti adziwe ngati mutu watha. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma kachasu wa kuseri kwa nyumba alibe chizindikiro chonena mphamvu yake.

Chitsanzo china Amalawi adachiona ndi maso. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mankhwala oyamba adali Triomune, momwe mudali mankhwala atatu kuphatikizapo nevirapine. Mankhwalawa adadzutsa anthu zikwizikwi amene abale adali atawataya kale. Koma mwa ena ochepa, nevirapine ankadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chiukire khungu ndi chiwindi, makamaka m'masabata oyamba. Ndi chifukwa chake odwala ankayamba ndi mlingo wochepa kwa masabata awiri, n'kuuzidwa kuti akaona zidzolo kapena maso achikasu athamangire kuchipatala.

Mu January 2005, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidachenjeza kuti vutoli limagwira amayi kwambiri kuposa amuna. Chodabwitsa chidali chakuti amayi amene chitetezo chawo chidali chikadali champhamvu, CD4 yoposa 250, ndi amene adali pa chiopsezo chachikulu: pafupifupi 11 mwa 100 alionse, poyerekeza ndi mmodzi mwa 100 pakati pa amene CD4 yawo idali yotsika. Kwa amuna, malire ake adali 400. Kafukufuku wina wa amayi a ku Zambia, Kenya ndi Thailand amene adatuluka mu 2010 sadapeze kuti nambala ya 250 ikulosera bwino, koma adaona kuti amene ankavutika kwambiri ndi amene chiwindi chawo chidali chovulala kale asadayambe mankhwala.

Nthawi imeneyo idapita. Mu 2011 Malawi idasamutsira amayi oyembekezera ndi oyamwitsa ku mankhwala a tenofovir, lamivudine ndi efavirenz pansi pa ndondomeko ya Option B+, ena onse adatsatira, ndipo kuyambira 2019 dziko lidasamukira ku dolutegravir. Palibe chifukwa chakuti munthu asiye ma ARV ake poopa nkhani ya Triomune.

Palinso matenda amene asilikali a m'thupi amaukira chiwindi cha mwini wake popanda kachirombo kapena mowa. Mwa odwala nthenda yotereyi yotupitsa chiwindi, pafupifupi atatu mwa anayi alionse ndi amayi, ndipo pa mtundu wina woononga timipaipi ta ndulu amayi ndi ochuluka kuposa pamenepo. Mbali ina ya chifukwa chake ili m'chibadwa. Mayi ali ndi ma chromosome X awiri pamene bambo ali ndi imodzi, ndipo pa X pali malangizo ambiri a chitetezo cha m'thupi, kuphatikizapo a kachida kotchedwa TLR7 kamene kamanunkhiza mavairasi. Maselo ena a mayi amagwiritsa ntchito makope onse awiri, ndiye amayankha mwamphamvu. Izi zimamuthandiza kugonjetsa mavairasi, monga hepatitis C imene amayi ambiri amaichotsa okha m'thupi kuposa amuna, koma zimachititsanso kuti asilikali ake asachedwe kulakwitsa mdani.

Ndipo chitetezo cha estrogen si cha muyaya. Mayi akasiya kusamba, homoniyi imatsika, zipsera za m'chiwindi zimayamba kuchuluka mwachangu, ndipo kusiyana kwake ndi bambo kumachepa. Agogo aakazi amene ali ndi hepatitis B sangadalire mwayi umene adali nawo ali mtsikana.

N'zodandaulitsa kuti zambiri mwa izi zadziwika mochedwa chifukwa kwa zaka zambiri ofufuza ankakonda kugwiritsa ntchito mbewa ndi makoswe aamuna okhaokha, poganiza kuti mahomoni a zazikazi asokoneza zotsatira. Ndi mu 2016 pamene bungwe la National Institutes of Health ku America lidayamba kulamula kuti opempha ndalama za kafukufuku aziganizira zazimuna ndi zazikazi zomwe.

Ana a 2002

Mankhwala ochepetsa mfuu ya IL-6 alipo, ndipo amagwiritsidwa ntchito pa nyamakazi ya mtundu wina, koma si njira yopewera khansa ya chiwindi. Kubaya amuna estrogen nako si yankho. Chimene chagwira ntchito m'Malawi ndi kuletsa mbala isadalowe m'khola.

Mu January 2002, dziko lino lidaika katemera wa hepatitis B m'gulu la akatemera a ana, amene amaperekedwa kusikelo mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14. Ofufuza atayeza anthu zikwi zingapo ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, adapeza kachiromboka mwa pafupifupi 5 mwa 100 alionse amene adabadwa katemerayu asadabwere, koma mwa obadwa pambuyo pake adali 3 okha mwa 1,000. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2022. WHO imalimbikitsanso kuti khanda lizilandira katemera woyamba pasadathe maola 24 libadwireni, kuti lisatengere kwa mayi ake.

Kwa amene ali nako kale, kuyeza kumangofuna kadontho ka magazi, monga momwe bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limayezera magazi onse operekedwa. Mankhwala ake ndi tenofovir yemwe uja ali m'ma ARV. Sachotsa kachiromboka, koma amakaletsa kuswana, alonda a m'chiwindi n'kupuma, ndipo mwa odwala ambiri zipsera zimachepa pakapita zaka. Mu March 2024, WHO idatulutsa malangizo atsopano ofewetsa malamulo kuti anthu ambiri athe kuyamba mankhwalawa, ngakhale kuzipatala kumene kulibe makina apamwamba. Munthu wa HIV amene alinso ndi hepatitis B akasiya ma ARV mwadzidzidzi, kachirombo ka chiwindi kamadzuka mwaukali, ndipo izi zimatha kupha.

Kumunda, alangizi amalimbikitsa kuumitsa mtedza pouunjika makoko atayang'ana m'kati mwa mulu wokhala ndi mpata wa mpweya, njira imene alimi amaitcha Mandela Cock, kuswa mtedza osaunyowetsa, ndi kutaya wonyala ndi wakuda m'malo mousinja. Panado naye ali ndi malire: munthu wamkulu asapyole mapilitsi 8 a 500mg pa tsiku, ndipo womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi kale ayenera kumwa ochepera pamenepo atafunsa achipatala.

Ana oyamba kulandira katemera uja ku Lobi, Mayani, Linthipe ndi Bembeke tsopano adapyola zaka 20, ndipo ena ali ndi ana awo kusikelo. Abambo awo, amalume awo ndi achimwene awo obadwa chisadafike chaka cha 2002 sadabayidwe, ndipo ambiri a iwo ndi amene ali m'zaka za m'ma 30 ndi 40.